Zinyalala za Galimoto Yopanda Utsi

Agogo anga aakazi anali ndi njira yawoyawo yoyezera ukhondo wa munthu. Akafika pakhomo pa eni, sankatengeka ndi bwalo loyera mbee, lokhala ndi mizere ya tsache. Ankazungulira kuseri kwa nyumba ngati akufuna kokataya madzi, koma cholinga chawo chinali choti aone kumene zinyalala zathera. Akazipeza kudzala ankabwerako akumwetulira. Akazipeza zitakankhidwira m'malire, kunsi kwa mpanda wa mnansi, ankadikira kuti tifike panjira, kenako n'kunena kuti, "Uyu sasesa ayi, amangosamutsa."

Mawu amenewa amandibwerera nthawi zonse ndikamva galimoto ya magetsi ikutchedwa galimoto yaukhondo. Kumbuyo kwake kulibe paipi yotulutsa utsi, zimenezo n'zoona. Imadutsa mwakachetechete, osasiya fungo lililonse. Koma ine, mdzukulu wa gogo uja, ndimafuna kuzungulira kuseri. Funso langa ndi lakuti: kodi chinthu chingatchedwe chaukhondo ngati litsiro lake langopita kumene wochigwiritsa ntchito saliona? Ndipo ngati litsirolo lachepadi, koma lotsalalo lagwera pa anthu omwe aja amene anasenzanso lakale, kodi tinene kuti dziko lapita patsogolo?

Ndiyambe ndi kuulula kuti galimotoyi ndimaisirira. Aliyense amene anagonapo pamzere wa mafuta ku Lilongwe kapena ku Blantyre sangafune kuuzidwa chifukwa chake. Ndinagonapo m'galimoto usiku wonse, udzudzu uli pakhutu, ndikumvera mphekesera yoti thankala yanyamuka. Kutacha tinauzidwa kuti yapita kwina. Dziko lathu lilibe chitsime cha mafuta, lilibenso doko. Dontho lililonse la petulo limachokera kutali, kudzera ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, ndipo limagulidwa ndi ndalama zakunja zimene timazipeza movutikira pogulitsa fodya, tiyi ndi shuga. Mlimi wa ku Kasungu amaweramira nazale miyezi yambiri kuti madola abwere, madolawo n'kutenthedwa m'mainjini pamsewu wa Chipembere. Pamene magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, komanso tsopano ku dzuwa la ku Salima ndi ku Golomoti. Galimoto yoyendera madzi a Shire ndi loto labwino, ndipo sindichita nalo manyazi.

Ubwino wake suthera pa ndalama zakunja. Injini ya petulo ndi mbaula yoyenda: pa mphamvu yonse imene ili m'mafuta, yoposa theka imathera m'kutentha, n'chifukwa chake pamafunika madzi ndi fani zoziziritsa. Mota ya magetsi imasandutsa mphamvu yambiri kukhala kuyenda kwenikweni, ndipo woyendetsa akaponda buleki, mota yomweyo imabwezera magetsi ena m'batire. Ilibe oyilo wosintha, ilibe mapulagi, ilibe kalatchi yoti ipse pokwera phiri. Makaniko wina anandiuza moseka kuti galimoto imeneyi ndi mdani wa ana ake, ndipo sankanama kwenikweni.

Palinso nkhani ya mpweya umene timapuma. Mu 2013 mtsikana wa zaka 9 amene ankakhala pafupi ndi msewu wina waukulu wa ku London anamwalira ndi mphumu. Mayi ake sanagonje, ndipo mu Disembala 2020 wofufuza za imfa analemba kuti mpweya woipa unali chimodzi mwa zimene zinamupha. Ku London nkhaniyo inafika m'khoti. Kwathu kuno mwana wa mayi wogulitsa tomato pa depoti amakula akupuma utsi wakuda wa maminibasi tsiku lililonse, ndipo akadwala chifuwa timangoti ndi nyengo. Tisaiwalenso kuti kwa zaka zambirimbiri petulo ankathiridwa mtovu, umene umawononga ubongo wa ana, ndipo dziko lomaliza kusiya kumugulitsa, Algeria, linatero mu 2021. Munthu wonena kuti galimoto ya petulo ndi yosalakwa sakudziwa mbiri yake.

Anthu ambiri amadabwa akamva kuti galimoto ya magetsi si yatsopano. Galimoto yoyamba kuthamanga kuposa makilomita 100 pa ola inali ya magetsi, ndipo anaiyendetsa ndi Camille Jenatzy wa ku Belgium mu 1899. Inagonja kaamba ka batire, limene linali lolemera koma losachedwa kutha, komanso kaamba koti Henry Ford anatulutsa Model T yotsika mtengo mu 1908. Chimene chaibweza ndi batire la lithium, limene Sony anayamba kugulitsa mu 1991, ndipo akatswiri atatu amene analitulukira, John Goodenough, Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino, analandira mphoto ya Nobel mu 2019. Pofika 2024, galimoto imodzi mwa zisanu zilizonse zatsopano zogulitsidwa padziko lapansi inali yotchaja, zambiri mwa izo ku China. Ku Norway, pafupifupi 9 mwa 10 zilizonse zatsopano zinali za magetsi okhaokha. Dziko la Norway lomwelo ndi limodzi mwa ogulitsa mafuta ndi gasi akuluakulu ku Ulaya, ndipo agogo anga akanakhala ndi chonena pamenepa.

Tsono tiyeni tizungulire kuseri. Batire la galimoto limalemera makilogalamu mazana angapo, ndipo muli miyala ya pansi pa nthaka: lithium, graphite, nickel, manganese, cobalt, ndi mkuwa wochuluka kuposa kawiri umene uli m'galimoto ya petulo. Mukayala mapu n'kufunsa kumene zinthuzi zimachokera, chala chanu chizungulira chigawo chathu chomwechi. Lithium ali ku Bikita ndi ku Goromonzi m'dziko la Zimbabwe. Graphite ali ku Balama, m'chigawo cha Cabo Delgado ku Mozambique, ndipo wina wapezeka ku Kasiya kwathu kuno. Manganese wambiri ali ku South Africa. Mkuwa uli ku Zambia ndi ku Congo. Ndipo pa cobalt yense amene amakumbidwa padziko, pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse amachokera kummwera kwa Congo, kuzungulira Kolwezi ndi Lubumbashi.

Cobalt wambiri amachokera m'migodi ikuluikulu ya makampani, ya makina ndi mipanda ya waya. Koma gawo lina limakumbidwa ndi manja, ndi anthu amene kumeneko amawatcha creuseurs, okumba. Amalowa m'maenje opapatiza, akuya, opanda mizati yochirikiza, atamangirira tochi pamphumi. Amayi amatsuka miyala mumtsinje, ana amatola ndi kunyamula matumba. Dzenje likagumuka, nthawi zambiri palibe amene amawerenga otsalira pansi. Bungwe la Amnesty International linalemba za zimenezi mu 2016, ndipo linatsata mwalawo kuchokera m'manja mwa mwana, kudutsa kwa wogula wa pamsika, mpaka kufakitale ya mabatire. Kuyambira pamenepo palibe kampani yaikulu imene inganene kuti sinamve.

Chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti iyi si nthawi yoyamba kuti Congo aikidwe kunsi kwa gudumu la dziko lapansi. John Dunlop atapanga tayala lopopa mu 1888, njinga ndi magalimoto zinafuna mphira wochuluka. Mphira wina anachokera m'nkhalango za Congo, dziko limene Mfumu Leopold II wa ku Belgium ankalitenga ngati munda wake kuyambira 1885 mpaka 1908, ndipo midzi yolephera kukwanitsa mlingo inkalangidwa ndi chikoti, moto ndi kudulidwa manja. Anthu a ku Ulaya ankasangalala ndi ufulu watsopano wopalasa njinga kupita kumene akufuna, ndipo ufuluwo unali weniweni. Pambuyo pake uranium wa ku Shinkolobwe anathandiza kupanga bomba limene linagwa pa Hiroshima mu 1945. Lero ndi cobalt. Nthawi iliyonse dziko likafuna kudumpha, limapondera pamalo amodzimodzi.

Ndipo mgodi ukatha suchoka ndi litsiro lake. Ku Kabwe, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana a m'makomboni oyandikana nawo ali ndi mtovu m'magazi chifukwa cha fumbi limene amasewerapo. Mu Febuluwale 2025 damu la zinyalala za mgodi wa mkuwa linaphulika pafupi ndi Chambishi, madzi a asidi n'kulowa m'mitsinje yothira mu Kafue. Nsomba zinayandama, minda inapsa, mipopi ya ku Kitwe inatsekedwa kwa kanthawi. Mkuwa umenewo dziko likuufuna kwambiri tsopano, mwa zina kuti mpweya wa m'mizinda yakutali uyere.

Apa ndi pamene anthu ena amaimira n'kunena kuti, mwaonatu, galimoto ya magetsi ndi chinyengo, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Ine sindingaime nawo pamenepo, ndipo ndimakayikira ena mwa iwo, chifukwa chifundo chawo pa ana a ku Kolwezi chimadzuka pokhapokha pamene malonda a mafuta aopsezedwa. Petulo nayenso ali ndi kuseri kwake. Funsani anthu a Ogoni ku Nigeria, amene mitsinje yawo inadzala mafuta, ndipo mlembi wawo Ken Saro-Wiwa anapachikidwa mu Novembala 1995 atatsogolera madandaulo awo. Komanso pali kusiyana kumodzi kwakukulu. Lita ya petulo ikapsa yapita, mawa pafunika ina, ndipo utsi wake umakhala mumlengalenga kwa mibadwo. Chitsulo cha m'batire chimakumbidwa kamodzi, chimagwira ntchito zaka zambiri, ndipo chingathe kuyengedwanso n'kulowa m'batire lina. Kupanga galimoto ya magetsi kumatulutsa mpweya woipa wochuluka kuposa kupanga ya petulo, koma ikayenda zaka zochepa ngongoleyo imabwezedwa, ndipo imabwezedwa msanga kumene magetsi ake ndi a madzi kapena a dzuwa kusiyana ndi kumene ndi a malasha ngati ku South Africa.

Ndiponso utsi wa mafutawo sutisiya ife. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche usiku, n'kukwirira mabanja ku Chilobwe. Ku Mulanje ndi ku Phalombe midzi ina inafafanizika. Anthu mazanamazana anafa, ena sanapezeke mpaka lero. Akatswiri amanena kuti nyanja ikamatentha, anamondwe otere amanyamula mvula yochuluka. Afrika yense amatulutsa magawo osafika 4 pa 100 alionse a mpweya umene ukutenthetsa dziko, koma matope anafikira ife. Ndiye munthu wa chigawo chino sanganene kuti dziko lingopitiriza ndi petulo. Likapitiriza, tilipira ndi anamondwe ndi chilala. Likasintha, tilipira ndi maenje ndi mitsinje ya asidi. Pamenepa ndi pamene pagona vuto lenileni, ndipo sindinamvepo wotsatsa galimoto kapena wodana nayo akulitchula lonse.

Pali kaganizidwe kena kamene kamati tingowonkhetsa. Tiike zoipa za petulo mbale imodzi ya sikelo, zoipa za batire mbale ina, ndipo yopepuka ndiyo tisankhe. Masamu amenewa ndimawavomereza, ndipo yankho lake ndi lakuti batire likupepuka. Koma masamu amayankha funso lakuti "zingati", sayankha lakuti "pa yani". Tiyerekeze kuti m'mudzi mwabuka moto, ndipo njira yokhayo youletsera ndi kugwetsa nyumba ya munthu mmodzi kuti usalumphire kwa ena. Palibe amene angatsutse kuti nyumbayo igwe. Koma mudzi umene ungaigwetse, n'kubwerera kukagona osamufunsa mwininyumba kumene agone, si mudzi wa anthu. Ndipo ngati moto uliwonse ukabuka nyumba yogwetsedwa imakhala ya banja lomwelo, pamene woyatsa motowo amakhala kumtunda m'nyumba ya malata, ndiye kuti nkhaniyi yasiya kukhala ya moto. Chinthu chingathe kukhala choyenera kuchitika, koma n'kusiya ngongole. Kuyenera kwakeko sikufafaniza ngongoleyo.

Nanga ngongoleyo ndi ya yani? Kwathu mlandu umakhala ndi nkhope. Ng'ombe yako ikadya chimanga cha mnzako, mumakakumana kwa amfumu, aliyense akuona mnzake, ndipo sunganene kuti sunali pomwepo pamene inkadya. Malonda a masiku ano anapangidwa mwa njira yoti nkhope zisaonane. Mwala wa ku Kolwezi umadutsa m'manja ambiri, umayengedwa ku China kumene cobalt wochuluka wa padziko amayengedwera, umasakanizidwa ndi wa kwina, ndipo pofika kwa mayi wa ku Oslo amene akugula galimoto kuti adzukulu ake adzapeze dziko labwino, sungathenso kulozeka. Mayiyo sanamenye munthu. Cholinga chake n'chabwino kuposa cha mnzake wogula galimoto yaikulu ya dizilo. Sindingamutche wolakwa.

Koma kusalakwa ndi kusakhala ndi udindo ndi zinthu ziwiri. Munthu amene wadya nawo nyama paphwando, kenako n'kumva kuti mbuziyo inatengedwa kwa mayi wamasiye pamtengo wachipongwe, si wakuba. Komabe akangopukuta pakamwa n'kunena kuti "ine ndinangoitanidwa", timamuona kuti umunthu wake ndi wochepa. Wamva, ndipo kumvako kwamupatsa ntchito. Ndikunena izi ndikudziwa kuti foni imene ili m'thumba mwangamu ndi kompyuta imene ndikulemberayi zili ndi mabatire a mtundu womwewo. Paphwandopo inenso ndakhala, ngakhale kuti ndapatsidwa chiboda.

Chimene wodya nawoyo sayenera kuchita ndi kusamba m'manja mongofuna kuti iye ayere. Makampani ena atachita manyazi ananena kuti sadzagulanso cobalt wokumbidwa ndi manja. Ena asamukira ku mabatire a mtundu wa LFP, amene amagwiritsa ntchito chitsulo wamba ndi phosphate ndipo safuna cobalt n'komwe. Kwa wogula, chikumbumtima chapepuka. Koma bambo wa ku Kolwezi sanalowe m'dzenje chifukwa chokonda mdima. Analowa chifukwa kumtunda kulibe ntchito, ndipo mwana wake amatola miyala chifukwa pakhomo palibe chakudya. Mukasiya kugula kwa iye, njala yake siichoka, imangochoka pamaso panu. Kumenekonso ndi kusamutsa kuja. Zimene iye akupempha n'zodziwika: malo okumba ovomerezeka, mizati m'maenje, sikelo yosabera, mtengo woti mwana apite kusukulu. Mtengo wa cobalt utagwa kwambiri, boma la Congo linaimitsa kaye kumutumiza kunja mu Febuluwale 2025. Taganizani, mwala umene akuti ukupulumutsa dziko unatsika mtengo mpaka eni ake kutseka chipata.

Ndisaloze chala kutsidya la nyanja kokha. Palibe mgodi umene umatsegulidwa popanda siginecha ya munthu wa kwathu. Amene amapereka ziphaso, amene amakhululukira makampani misonkho, amene amayenera kuyendera madamu a zinyalala asanaphulike, amene amalandira ndalama za mgodi n'kusamanga chipatala, ndi abale athu, olankhula zilankhulo zathu. Kunena kuti azungu ndi Matchaina akutibera n'kosavuta, ndipo nthawi zina n'koona, koma wakuba wolowera pakhomo lotsekulidwa m'kati amakhala ndi mnzake m'nyumbamo.

Pali zizindikiro zoti ena aiona nkhaniyi. Mu Epulo 2022 Zambia ndi Congo anasainirana ku Lusaka pangano loti agwirire limodzi ntchito yopanga zipangizo za mabatire m'malo mongotumiza miyala. Mu Disembala chaka chomwecho Zimbabwe inaletsa kutumiza kunja lithium wosayenga. Maganizo ake ndi olondola, chifukwa phindu lalikulu silili pa kukumba koma pa kuyenga ndi kupanga. Koma mapangano tawaona ambiri, ndipo fakitale yoyenga imafuna magetsi osazima, madzi, njanji ndi anthu ophunzira. Ife a ku Malawi, amene tikuuzidwa za chuma cha ku Kasiya ndi cha ku Kangankunde, tili ndi mwayi umodzi umene Kabwe analibe: tikudziwa kale mmene nkhaniyi imathera ikasiyidwa yokha. Anthu a m'midzi imeneyo ayenera kuuzidwa, m'chilankhulo chawo, kumene manda a makolo awo apite, kumene madzi otsukira miyala azitayidwa, ndi amene adzakwirire dzenjelo kampani ikadzanyamuka.

Kuseri kwa nyumba kuli mbali inanso, imene sikambidwa kawirikawiri. Ife sitigula magalimoto atsopano. Timagula amene Japan, Britain ndi ena atopa nawo, n'kukawatenga ku Dar es Salaam kapena ku Durban. Bungwe la United Nations loona za chilengedwe linawerengera kuti pakati pa 2015 ndi 2018 mayiko a ku Ulaya, America ndi Japan anatumiza kunja magalimoto akale okwana 14 miliyoni, ndipo magawo 40 pa 100 alionse anabwera ku Afrika. Tsono mayiko amenewo akamasintha n'kupita ku magetsi, magalimoto awo a petulo ndi dizilo sasungunuka. Amakwera sitima. Mzinda wa kumeneko ulemba kuti utsi wachepa, pamene injini yomweyo ikufuka pa Chinsapo kwa zaka zina 15. Mlengalenga ulibe malire a mayiko, ndiye kwachepa chiyani?

Pambuyo pake adzabwera a magetsiwo, atayenda kale zaka 8 kapena 10, batire litafooka. Nissan Leaf zakale zayamba kale kuoneka m'mizinda ina ya chigawo chino. Galimoto ya petulo yokalamba amakaniko athu amaidziwa, amaiukitsa ndi waya ndi nzeru. Batire lokalamba ndi nkhani ina: kugula latsopano kungathe kuposa mtengo wa galimoto yonseyo, ndipo likaboola kapena kutentha limayaka moto wovuta kuzimitsa. Lingathe kugwirabe ntchito zaka zina posunga magetsi a sola pasukulu kapena pachipatala, ndipo amenewo ndi madalitso enieni. Koma tsiku lake lomaliza lidzafika, ndipo lidzafikira kuno. Taonani mmene timachitira ndi mabatire a mtovu a magalimoto a lero: anyamata amawaswa ndi nkhwangwa kuseri kwa msika, asidi n'kuthira pansi. Ngati sipakhala lamulo loti wopanga kapena woitanitsa batire ndiye azilitenga likafa, cobalt wa ku Kolwezi adzakhala atazungulira dziko lonse n'kubwerera kwawo ngati chinyalala.

Ndiyeno magetsiwo ali kuti? Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo tinakhala mumdima wosinthanasinthana kupitirira chaka. Mu 2024 chilala chinaphwetsa Kariba mpaka madera ena a ku Zambia ankaona magetsi maola atatu okha patsiku. Kusintha kwa nyengo kumene galimotoyi ikufuna kuletsa ndi komwenso kukuumitsa madzi oti iziyendera. Ethiopia inalimba mtima mu 2024 n'kuletsa kuitanitsa magalimoto ang'onoang'ono a petulo ndi dizilo, podalira damu lake lalikulu la pa Blue Nile komanso potopa ndi kugula mafuta. Kaya ziwayendera bwanji, koma iwo anayamba ndi kumanga damu.

Ndipo ngakhale magetsi atapezeka, pali funso lina limene limandivuta kuposa onse. Galimoto ya magetsi yapakatikati imadya mayunitsi 15 mpaka 20 pa makilomita 100. Ulendo umodzi wochoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre ndi mayunitsi pafupifupi 50. Mayunitsi omwewo angayatse mbale ya hotipuleti kwa maola 50. M'dziko limene anthu ambiri alibe waya wa magetsi pakhomo, limene ngakhale a m'tauni amaphikira makala, utsi umene ukupha anthu ambiri si wa pamsewu ayi. Ndi wa m'khitchini, umene mayi amapuma ali ndi mwana kumbuyo. Bungwe la World Health Organization limawerengera kuti utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni pachaka padziko lonse. Mapiri athu ameta mpala chifukwa cha makala omwewo, ndipo dothi lokokoloka limakadzaza madamu a pa Shire. Tsono yuniti yoyamba yowonjezera ipite kuti, ku galimoto ya bwana kapena ku mphika wa nyemba? Ine wosirira galimoto ndikudziwa yankho, ndipo silindikomera.

Mwina cholakwika chili pa kuganiza kuti tsogolo ndi galimoto yomwe ija, yongosintha chakudya. Chitsulo cholemera matani awiri chonyamula munthu mmodzi kupita ku ofesi ndi kuwononga, kaya chikumwa petulo kaya magetsi. Chimafunabe msewu waukulu, chimadzazabe tauni, chimagundabe woyenda pansi, ndipo chikakula chimafuna batire lalikulu, ndiye kuti dzenje lalikulu. Batire limodzi la galimoto yotero lingagawidwe kwa njinga zamoto zoposa 15. Ku Kigali oyendetsa njinga zamoto za magetsi sadikira kutchaja: amafika pamalo osinthira, kusiya batire lotha, kutenga lodzaza, n'kubwerera pamsewu m'mphindi zochepa. Ku Nairobi mabasi a magetsi akunyamula anthu m'misewu ina. Kumeneko miyala yochepa ikutumikira anthu ambiri, ndipo amene akupindula ndi munthu amene mafuta amamudyera gawo lalikulu la zimene wapeza patsiku. Ngati ana a chigawo chino ayenera kukhala ndi maenje, bola maenjewo ayendetse basi imene amayi awo angakwere.

Tsiku lina, mafuta atasowanso, ndinasiya galimoto kunyumba n'kukwera kabaza wa njinga yamoto. Anandilipiritsa kawiri mtengo wa masiku onse, n'kupepesa kuti petulo wake wagula wa m'zigubu. Tili m'njira ndinamuuza za njinga za ku Kigali. Anamvetsera mpaka tinafika, kenako anazimitsa injini n'kuvula chipewa.

"Ndiye akuluakulu, mukuti batirelo silikhala langa?"

Ndinamuuza kuti limakhala la kampani, iye amangolipira posintha.

"Nanga magetsi akazima masiku awiri, kampaniyo imandibwezera tsiku langa?"

Ndinati mwina malo osinthirawo angakhale ndi sola.

"Mwina," anatero. Anayang'ana njinga yake, n'kupukuta thanki ndi chikhatho. "Iyitu ndikadali kubweza ngongole yake, yatsala miyezi isanu. Zimenezo zikadzafika kuno, iyi adzaigula ndani?"

Ndinalibe choyankha. Ndinamupatsa ndalama yake, iye anagwedeza njingayo kuti amve mafuta otsala m'thanki, n'kuikankha ndi miyendo kutsetsereka kuti asalize injini mpaka atapeza wokwera wina.